Mlatho wa Hammersmith: wa m'magalasi a VR ndi umene timawoloka

Kuyambira pa 10 Epulo 2019 magalimoto ndi mabasi saloledwa kudutsa pa mlatho wa Hammersmith kuno ku London, ndipo nkhani yake inafika potopetsa ngakhale atolankhani. Andale amabwera kudzajambulitsa ataima pamlathopo, wina akuloza chala khonsolo, wina boma, wina meya, kenako aliyense n'kubwerera kwawo. Ife otsalafe timangowoloka. Ine ndimakhala tsidya la kumpoto, chaku Shepherd's Bush, koma agogo ambiri amene ndimawasamalira m'makomo mwawo ali tsidya linalo, ku Barnes ndi ku Mortlake. Mlathowu ndiye njira yanga ya kuntchito, pa njinga yakapalasa imene ndinagula kwa mnzanga wina pamene ankabwerera kumudzi.

Ndinene msanga mbali imene ndili, kuti wina asadzati ndinabisa. Mlathowu ndimaukonda wopanda magalimoto. Kale kupalasa njinga pamenepa kunali kuika moyo pachiswe, chifukwa msewu umapanikizika podutsa pansi pa nsanja ziwiri zija, basi ili pamsana pako, iwe ukupemphera kuti dalaivala wakuona. Lero ukamadutsa m'mawa umamva madzi, umamva opalasa mabwato akukalipidwa ndi mphunzitsi wawo pa chimkuzamawu. Choncho nditamva kuti gulu lina la anthu a m'derali lakonza chionetsero cha VR (magalasi ovala kumaso amene amakuonetsa malo ngati uli pomwepo), chosonyeza mmene mlathowu ungaonekere atangoupereka kwa oyenda pansi ndi apanjinga mpaka kalekale, ndinapita ngati wokaombera m'manja. Ndikadali mbali yomweyo. Chimene chikundilembetsa n'chakuti magalasiwo anandikhutiritsa mofulumira kuposa mmene nkhaniyi ilili.

Amene simunauonepo mlathowu, ndi wolenjekeka pa maunyolo, wopakidwa utoto wobiriwira ndi wagolide, wotalika mamita pafupifupi 210. Unatsegulidwa mu 1887. Anaujambula ndi Joseph Bazalgette, yemwe uja anakonza ngalande za zonyansa za pansi pa mzinda wa London, ndipo anauimika pa maziko a mlatho wakale wa mu 1827 umene anamanga William Tierney Clark. Anaumangira akavalo ndi ngolo. Pofika nthawi imene ankautseka, unkanyamula magalimoto pafupifupi 22,000 pa tsiku, ndipo panali kale lamulo loti mabasi azikwerapo imodziimodzi. Unapirira zambiri, kuphatikizapo mabomba a zigawenga za ku Ireland mu 1939 ndi mu 2000. Chimene chinaugonjetsa ndi dzimbiri.

Maunyolo amene anyamula mlathowo amakwera pamwamba pa nsanja n'kutsikira kumtunda, kumene anawamangirira pansi pa nthaka. Asanalowe pansipo amatsamira pa zitsulo zinayi zikuluzikulu, ziwiri tsidya lililonse, zobisika m'kati mwa zokuta zokongola zija zimene alendo amakonda kujambulirapo. Chitsulo chake ndi chija amachita kusungunula n'kuthira m'chikombole, chonga cha simbi ya makala: chimapirira kulemera, koma sichidziwa kupindika, chikapanikizika chimangosweka. Pamwamba pa zitsulozo panali timawilo tolola unyolo kusuntha pang'ono ukamafutukuka ndi kutentha kapena kukhwinyata ndi kuzizira. Kwa zaka zambiri palibe amene anatisamala, tinagwira dzimbiri n'kuuma, ndiye unyolo unayamba kukoka chitsulo chenichenicho. Ming'alu inachokera pamenepo.

Mu Ogasiti 2020 kunatentha masiku angapo motsatizana, mng'alu wina n'kukula, ndipo pa 13 mwezi womwewo anatseka mlatho kwa aliyense. Wapansi ayi, wanjinga ayi, ngakhale bwato lodutsa pansi pake ayi. Ana a sukulu amene ankangowoloka mphindi zochepa anayamba kuzungulira ku Chiswick kapena ku Putney. Mpikisano wa mabwato wa mayunivesite a Oxford ndi Cambridge, umene umadutsa pansi pa mlathowu, mu 2021 unakachitikira ku Ely, chifukwa cha mlathowu komanso mliri uja wa Covid. Ife tinaloledwanso pa 17 Julaye 2021. Chaka chotsatira, mwezi umene dziko lino linafika madigiri 40 koyamba, mainjiniya anakulunga maunyolo ndi mapepala onyezimira n'kumawaziziritsa usiku, ati kuti asafike madigiri 18, apo ayi atsekanso. Anthu anaseka kwambiri pa intaneti, koma mlatho sunatsekedwe.

Chionetserocho chinali Loweruka masana, m'holo ina yaing'ono tsidya la kumpoto. Sindinapite ndekha. Ndinakokera mayi wina wa kugulu lathu la mapemphero, amene anagwira ntchito ya unamwino m'dziko muno mpaka kupuma, ndipo amakhala ku Roehampton. Mawondo anawatha, amayenda ndi ndodo. Poyamba anakana, ati za masewero a ana sizikuwakhudza, koma nditawauza kuti ndi za mlatho anati, “Ndiye tiye, ndikawafunse za 72.” Basi nambala 72 ndi imene inkawachotsa ku Roehampton n'kuwawolotsa mpaka ku Hammersmith, kumene kuli sitima zapansi panthaka komanso chipatala cha Charing Cross chili pafupi. Roehampton kulibe siteshoni ya sitima zimenezo. Anthu a m'nyumba za khonsolo za ku Alton Estate amadalira basi, ndipo 72 tsopano imathera tsidya lino.

M'holomo munali matebulo a mapu, tiyi, ndi mipando yozungulira yoti munthu akhalepo akavala magalasiwo. Kunena kuti magalasi n'kuchepetsa. Ndi kabokosi kophimba nkhope kuyambira pachipumi mpaka pamphuno, kokhala ndi lamba womangira kumutu. M'kati muli timagalasi tiwiri, diso lililonse ndi kake, ndipo chithunzi cha kumanzere chimasiyana pang'ono ndi cha kumanja, ubongo n'kuzilumikiza kukhala malo oti ungalowemo. Ukatembenuza mutu kabokosiko kamadziwa, chithunzi n'kutembenuka nawe. Ine ndinali nditangoluka kumene, moti lambayo sanakwane mpaka mnyamata wothandizira atamumasula kufika kumapeto. Amayi aja anakana kuvula duku. Anagwirizana zoti azingogwira kabokosiko ndi manja awiri.

Ndisaname, nditavala ndinagwira kukamwa. Ndinapezeka ndaima pakati penipeni pa mlatho, pamalo pomwe ndimadutsa, nsanja ili apo ndi zokongoletsa zake zonse. Pakati panali njira ziwiri za njinga zopakidwa utoto, m'mbali malo otakasuka a oyenda pansi, mabenchi oyang'ana kumtsinje, miphika ya maluwa. Mwana anadutsa pa kanjinga kake bambo ake akumutsatira. Nditacheuka ndinaona nyumba yakale ya Harrods Furniture Depository itaima m'mbali mwa madzi monga mmene imaonekeradi. Kenako panadutsa kagalimoto kakang'ono koyendera magetsi, kopanda dalaivala, kali ndi anthu ochepa m'kati, kakuyenda liwiro la munthu wothamanga pang'ono. Chithunzicho chitayamba kunditengera chakutsogolo ndinamva kachizungulire, chifukwa maso akuti ukuyenda pomwe thupi likuti wakhala pansi, koma sizinakhalitse. Ndikanapatsidwa pepala nthawi yomweyo ndikanasaina osawerenga.

Amayi aja anakhala chete nthawi yaitali kabokosi kali kumaso, akutembenuka pang'onopang'ono pampando. Kenako anayankhula mokweza, poti munthu ukavala zimenezi umaiwala kuti anzako ali pafupi.

“Iwe, nanga bwanji anthu onsewa ali ndi mawondo abwino?”

Ndinati, “Mayi, yang'anani kumanja, kuli wina ali pachikuku.”

“Ndamuona. Akumwetulira. Akupita kuti, ndipo wafika bwanji pamenepa?”

Atavula anapukuta magalasi awo a maso n'kumufunsa mnyamata uja ngati kumeneko kulibe Januwale. Iye anaseka mwaulemu, nati anasankha tsiku la dzuwa kuti anthu aone bwino zonse. Sindikumuimba mlandu, aliyense wojambula angachite chimodzimodzi. Koma funso lawolo ndi limene landikhala pamtima, chifukwa mlatho umene ine ndimaudziwa kwambiri ndi wa Januwale. Shifiti yoyamba ya wosamalira okalamba imayamba kusanache, kuti ukamudzutse munthu, umusambitse, amwe mankhwala pa nthawi yake. Pa ola limenelo pamtsinje pamawomba mphepo yolasa m'makutu, pansi pamaterera, ndipo nyali ya njinga yobwera kutsogolo imakuthobwa m'maso. Usiku, ukamachokera kokagoneka agogo omaliza, mlatho wopanda magalimoto umakhala zii. Masana bata limenelo ndi dalitso. Usiku, kwa mzimayi amene ali yekha wapansi, ndi nkhani ina, ndipo anzanga ena amene alibe njinga amalolera kudikira basi yozungulira m'malo mowoloka okha. Zimenezi sizikutsutsa ganizo lochotsa magalimoto. Zikungofuna mayankho: nyali zikhala zingati, zowala bwanji, ndani azithira mchere pakagwa chisanu. M'magalasi muja munalibe usiku.

Chachiwiri n'chakuti kabokosiko kamakuika pamlatho pomwepo, ngati wachita kugwa kuchokera kumwamba. Sukwera basi, sutsika, suyenda kuchokera pa siteji. Komatu mkangano wonse wa Hammersmith uli kwa anthu amene sali pamlathopo. Mabasi a tsidya la Barnes amathera mumsewu wa Castelnau. Munthu amatsika, amayenda kukafika pamlatho, amawoloka, kenako amayendanso kukafika ku siteshoni ya Hammersmith. Kwa ine ndi mphindi zochepa. Kwa amayi aja ndi ulendo woima katatu kanayi, ndipo tsiku lotsatira mawondo amatupa. Pali basi nambala 533 imene anaikhazikitsa kuti izizungulira kudzera pa mlatho wa Chiswick, koma ikakumana ndi mdipiti wa magalimoto imakwawa. Ndiponso kuli anthu a ku Putney, amene amati magalimoto othawa Hammersmith anakadzadza mumsewu wawo waukulu, ndipo phungu wawo Fleur Anderson wakhala akulimbikira kuti mlatho utsegulidwenso. Ukavala magalasi n'kutembenuka mbali zonse, Putney sumuona. Ali kuseri kwa kukhota kwa mtsinje.

Pa nkhani ya Putney ndili ndi maganizo anga. Si galimoto iliyonse imene inasowa pa Hammersmith inakatulukira kwina. Ena anasiya kuyenda maulendo ena, ena anagula njinga ngati ine, ena anasintha kogula zinthu. Izi si zachilendo pamlathowu. Mu 1997 unatsekedwanso kwa magalimoto a anthu wamba, mabasi okha ndi njinga n'kumadutsa, ndipo akatswiri Sally Cairns, Carmen Hass-Klau ndi Phil Goodwin anauwerengera pa malo amene anafufuza mu 1998, pomwe anapeza kuti msewu ukachepetsedwa, gawo lina la magalimoto limangozimiririka. Koma taonani kusiyana kwake: nthawi imeneyo mabasi ankawoloka. Wolemera wa ku Barnes amene wasiya galimoto pakhomo n'kuyenda wapansi wapindula, mpweya wa pakhomo pake wayera. Woyeretsa m'maofesi wa ku Roehampton sanasiye galimoto iliyonse, poti analibe. Iyeyo anangolandidwa basi.

Mzinda uno unapusitsidwapo ndi zithunzi zokongola, n'chifukwa chake ndimachita nazo mantha. Amene munali kuno mukukumbukira Garden Bridge, mlatho wa oyenda pansi wodzala mitengo umene anajambula Thomas Heatherwick, katswiri wa zisudzo Joanna Lumley n'kumaulimbikitsa, pa nthawi imene Boris Johnson anali meya. Zithunzi zake zinali m'nyuzipepala iliyonse, anthu akuyenda pakati pa maluwa dzuwa likulowa. Unathetsedwa mu 2017 osaikapo ngakhale njerwa imodzi, utadya mapaundi pafupifupi 53 miliyoni, ndipo 43 miliyoni mwa ndalamazo zinali za misonkho. Zija zinali zithunzi za papepala chabe, zimene munthu umaziona uli panja pake. VR imakulowetsa m'kati. Thupi limakhulupirira kuti linafikako, ndipo chinthu chimene wachiona ndi maso ako n'chovuta kuti wina akutsutse nacho ndi manambala.

Palinso zina zimene magalasi sangakuuze ngakhale wojambulayo atakhala woona mtima chotani. Millennium Bridge, wa oyenda pansi uja wa pafupi ndi St Paul's Cathedral, unatsegulidwa mu Juni 2000 n'kutsekedwa patangopita masiku awiri, chifukwa unkagwedezeka chammbali anthu akachuluka. Mlatho ukasuntha pang'ono, anthu mosadziwa ankayamba kuponda mofanana kuti asagwe, ndiye kugwedezekako n'kumakula. Anautsegulanso mu 2002 ataikamo zitsulo zoletsa kugwedera. Zimenezo zimamveka kumapazi. Hammersmith nawonso umanjenjemera pang'ono, ndipo ine ndimakonda kutero kwake, koma mmodzi wa agogo anga amakana kuwolokapo ngakhale nditamugwira mkono.

Tsono ndisakhale ngati ndikunyoza chinthu chimene chinandithandiza. Ndakhalapo pa misonkhano ya khonsolo yofunsa maganizo a anthu, kumene amakupatsa mapu ojambulidwa kuchokera pamwamba, mizere yofiira ndi yabuluu, ndi chikalata cha masamba ambirimbiri. Amene amayankhula pamisonkhano yotere ndi omwe aja odziwa kuwerenga mapu, maloya opuma ndi akatswiri a zomangamanga, ndipo ku Barnes aliko ambiri. Enafe timangogwedeza mutu n'kumwa tiyi. M'holo muja zinali zina. Munthu aliyense amene anavula kabokosiko anali ndi chonena, ndipo chinali chinthu chogwirika. Bambo wina wa njinga yonyamulira ana anati njira ya njinga yapanikizika kwambiri pansi pa nsanja, awiri sangapatukirane. Mtsikana wina anaona kuti miphika ya maluwa yaikidwa pomwe munthu wosaona angamenyepo ndodo yake. Amayi aja anapeza kuti mabenchi alibe pogwira podzuka, komanso ndi otsika. Ine ntchito yanga ndi yodzutsa anthu m'mipando tsiku lililonse koma sindinazione, maso anga anali pa njira ya njinga. Pa mapu palibe akanaona zimenezo. Ngati VR ili ndi ntchito pa nkhani ngati iyi, ndi imeneyi: kupatsa anthu wamba chinthu choti achitsutse mwatsatanetsatane chisanamangidwe, pamene kusuntha benchi n'kungodina pa kompyuta.

Vuto limabwera pamene chionetsero chakonzedwa kuti chikope osati kufunsa. Kusiyana kwake n'kosavuta kukuona. Chofunsa chimakuonetsa njira zingapo, kuphatikizapo imene okonzawo sakuifuna, ndipo zonse zimajambulidwa ndi dzuwa lofanana. Ife tinaonetsedwa mlatho wamagalimoto kumayambiriro, kwa kanthawi kochepa, kumwamba kuli mitambo, mahutala akulira. Kenako dzuwa linatuluka pamodzi ndi maluwa. Ine amene ndikugwirizana nawo ndinaseka chamumtima. Munthu wa ku Putney akanatuluka atakwiya, ndipo akanakhala ndi chifukwa.

Kagalimoto kopanda dalaivala kaja ndiye kanatenga nthawi yathu yambiri pa tebulo la tiyi. Ganizoli lilipodi kunja kuno. Mu 2023 bungwe loona za kusintha kwa nyengo lotchedwa Possible linapereka maganizo oti timagalimoto tamagetsi topepuka tizinyamula anthu ovutika kuyenda kuwawolotsa pamlathowu, m'malo modikira ndalama zoukonzera kuti unyamulenso mabasi. Nzeru yake ndi yomveka, chifukwa mdani wa mlathowu ndi kulemera. Amayi aja anamvetsera zonse, kenako anati, “Nanga osangoika akabaza bwanji? Anyamata apeze ntchito.” Anthu atamasuliridwa anaseka, koma si zoseketsa kwenikweni. Njinga zonyamula anthu zilimo kale mu London, kungoti zinatchuka ndi kubera alendo ku West End, ndipo mu 2024 nyumba ya malamulo inapereka mphamvu kwa Transport for London, nthambi yoona za mayendedwe mumzindawu, kuti iziziyang'anira. Kaya ndi kabaza kaya ndi kagalimoto kodziyendetsa, mafunso ake ndi amodzi. Kaziyamba nthawi yanji m'mawa? Kazifika mpaka ku siteshoni kapena kazikusiya pakamwa pa mlatho? Kakadzadza, wa ndodo azidikira ataima pati mvula ikugwa? M'magalasi muja kanangodutsa kamodzi, mwakachetechete, kali ndi mipando yotsala.

Kumbuyo kwa zonsezi kuli ndalama, zimene sizijambulika. Mwini mlathowu ndi khonsolo ya Hammersmith and Fulham, osati boma kapena meya, ndipo ndi chinthu chakale chotetezedwa ndi lamulo, sungangochigwetsa n'kumanga cha konkire. Mtengo woukonza kuti unyamulenso magalimoto ndi mabasi unakwera mpaka kufika pa mapaundi pafupifupi 250 miliyoni. Boma linanena kuti ndalamazo zigawidwe patatu, boma, Transport for London ndi khonsolo, koma khonsolo ikuti gawo lake singalipeze popanda kulipiritsa madalaivala podutsa. Kampani ya Foster + Partners pamodzi ndi mainjiniya a COWI anabweretsa pulani yolowetsa mlatho wongoyembekezera wa nsanjika m'kati mwa wakalewu, magalimoto pamwamba, anthu pansi, kwinaku akuchotsa zitsulo zakale kukazikonzera kwina. Nawonso anali ndi zithunzi zokongola. Zimene zachitikadi ndi zazing'ono: zitsulo zinayi zija anazilimbitsa pothiramo konkire, timawilo touma tija anatisintha, ndipo mu Epulo 2025 anatsegula msewu wapakati atauyala mwatsopano, moti apanjinga sitikutsikanso n'kumakankha ngati kale.

Ndiye kunena zoona, mlatho wa oyenda pansi ndi apanjinga tili nawo kale. Sunabwere chifukwa choti anthu anakhala pansi n'kusankha, unabwera chifukwa cha dzimbiri ndi kukanirana ndalama. Izi zimandivuta ngakhale ndine wopindula. Chinthu chimene chachitika mwangozi sichikhala ndi mwini wake woti umufunse za benchi kapena za basi, aliyense amati tikudikira chigamulo chachikulu. Mu 1973 akuluakulu a mzinda uno anafuna kusandutsa Albert Bridge, wa ku Chelsea, kukhala paki ya oyenda pansi. Anthu anakangana poyera, kunachitika kafukufuku wa boma, a magalimoto n'kupambana. Ndikanakonda akanaluza, komabe chigamulo chinaperekedwa ndipo aliyense anadziwa pomwe waima. Ku Hammersmith zaka zikungopita, ndipo amene akulipira kudikirako ndi mawondo a anthu ngati amayi aja.

Kwathu nkhani ya mlatho imakhala yoti ulipo kapena madzi anakokolola, ndiye ndikudziwa kuti ena mukuwerenga muli kumudzi mukuti awa akudandaula zakukhuta. Mwina. Koma funso loti msewu ndi wa yani, wa galimoto kapena wa munthu wapansi, aliyense amene anayendapo m'mphepete mwa M1 thiraki ikumudutsa paphewa akulidziwa bwino.

Potuluka anatipatsa mapepala oti tilembepo maganizo. Pa langa ndinalemba kuti ndikugwirizana ndi mlatho wopanda magalimoto, ndipo ndinapempha zinthu zoti awonjezere m'magalasimo. Aikemo m'mawa wa Januwale, mdima ndi mvula, kuti tione nyali. Ulendo uziyambira pa siteji ya basi ku Castelnau n'kukathera pa siteshoni ya Hammersmith, pa liwiro la munthu wa ndodo, osadumpha paliponse. Pakhale poti munthu asankhe kuona ali pachikuku, maso ali m'munsi, njinga zikumudutsa pafupi ndi phewa. Ndipo chionetserocho achinyamule apite nacho ku Roehampton ndi ku Putney, tsiku ndi ola loti anthu a mashifiti angafikeko, chifukwa Loweruka masana tsidya la kumpoto kumabwera anthu amene awoloka kale mosavuta.

Amayi aja anati dzanja likuwawawa, ndiwalembere ine. Ndinafunsa kuti ndilembe chiyani. Anati ndilembe kuti maluwawo ndi abwino, asakhumudwe anawo, agwira ntchito. Kenako mabenchi akhale okwera, okhala ndi pogwira. Kenako 72, kapena chilichonse chimene chingagwire ntchito ya 72, chochokera ku Roehampton komweko osati pakamwa pa mlatho. Ndikupinda pepalalo anandigwira mkono.

“Ufunsenso ngati Freedom Pass yanga, khadi ija yokwerera ulere ife okalamba, izigwira m'kagalimoto kajako. Ngati n'kolipira, alembe mtengo wake pakhomo pake m'magalasi momwemo.”